ZA CIBALE CA MAU, KU ULAYA NDI KUNO KU CHILWA

Ife a kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa sitizizwa pakumva zinenedwe zambiri pa malo amodzi. Pa dooko la Kachulu, nyengo ya matemba, msodzi aitana mnzace m'Cinyanja, wogula nsomba atsutsa mtengo m'Ciyao, ndipo nkhalamba yosoka ukonde ing'ung'udza yokha m'Cilomwe. Koma onsewo amvana, malonda natheka. Ngakhale tazolowera kumva zotere, si ambiri a ife amene adafunsapo cifukwa cace mau ena a zinenedwe izi afanana ngati ana a mimba imodzi, pamene ena asiyana kutali. Funso lomweli lidabvuta anthu ophunzira a ku Ulaya zaka zambiri, ndipo njira imene iwo adapeza poyesa zinenedwe zao itithandiza ifenso kuweruza mlandu wina wa kwathu kuno. Cifukwa cace tipempha owerenga athu apirire, atsagane nafe ku Ulaya poyamba, kunyanja tidzabwerako.

Titenga zinenedwe zitatu. Cingerezi mucidziwa. Cilatini ndico cinenedwe ca Aroma akale, a masiku a Kaisara Augusto ndi Pilato. Lero palibe mtundu wa anthu umene ulera ana m'Cilatini, koma ciri ndi ana ace amoyo, monga Cipwitikizi, Cifalansa ndi Citaliyana, ndipo zaka zoposa 1,000 cinali cinenedwe ca mapemphero, ca masukulu ndi ca mabuku ku Ulaya wa kumadzulo. Cacitatu ncacilendo kwa ambiri. Ndico ca anthu ochedwa Czech, ife tinene Acheki, okhala pakati peni peni pa Ulaya m'maiko a Bohemia ndi Moravia, kutali ndi nyanja yamcere. Mzinda wao waukuru ndi Prague, ndipo olankhula Cicheki afika ngati 10 miliyoni. Mngerezi ndi Mcheki akakomana panjira samvana ndi pang'ono pomwe. Koma taonani mau awa, amene tiwalemba poyamba m'Cilatini, pamenepo m'Cingerezi, potsiriza m'Cicheki.

Amai ndiwo mater, mother, matka. Mbale wamwamuna ndiye frater, brother, bratr. Mlongo ndiye soror, sister, sestra. Usiku ndiwo nox, night, noc. Mphuno ndiyo nasus, nose, nos. Mbewa mus, mouse, myš. Mcere sal, salt, sůl. Goli la ng'ombe jugum, yoke, jho. Nkhosa ovis, ewe, ovce. Mkazi wamasiye ndiye vidua, widow, vdova. Powerenga ati duo, two, dva. Tres, three, tři. Ndipo khumi ndilo decem, ten, deset. Mau otere si mau obwereka. Anthu alandira dzina lacilendo pamodzi ndi katundu wacilendo, koma palibe mtundu umene udadikira amalonda kuti audziwitse dzina la mphuno kapena la amai.

Akuru akale a ku Ulaya anaziona izi, koma anasokera pozimasulira. Ena anati zinenedwe zonse zidabadwa kwa Cihebri, popeza ndico ca Cipangano Cakale. Ena anayesa kuti liu liri lonse lofanana ndi la Cilatini lidatengedwa kwa Aroma. Amene adaloza njira yoongoka ndi Sir William Jones, woweruza milandu ku Calcutta m'dziko la India. Iye adaphunzira Sanskrit, cinenedwe ca mabuku akale a Amwenye, ndipo m'caka ca 1786 anauza anzace kuti Sanskrit, Cihelene ndi Cilatini zifanana kopambana, m'mau ndi m'mamangidwe a mau omwe, kotero kuti sikungakhale kufanana kwa mwai. Ziyenera kuti zidacokera kwa kholo limodzi, limene kapena lidafa kale. Onani nzeru yace. Sanati cimodzi cidabala cinzace, koma kuti zonsezo ndi ana a mai mmodzi amene palibe wamoyo adamuona. Mjeremani wina, Franz Bopp, analimbitsa mlanduwu ndi buku lace la 1816, ndipo m'zaka zotsatira kunadziwika kuti Cingerezi ndi Cijeremani, Cicheki ndi Cirasha, Ciperisiya ndi zinenedwe zambiri za ku India, zonse ndi mbumba imodzi. Kholo lao linalankhulidwa zaka 5,000 kapena 6,000 zapitazo, ndipo ophunzira ambiri lero ayesa kuti kwao kwa anthuwo kunali ku zigwa zazikuru za udzu kumpoto kwa Black Sea. Sanasiye buku kapena mwala wolembedwa, pakuti sanadziwe kulemba. Koma tidziwa kuti anaweta nkhosa, anamanga ng'ombe m'goli, anadziwa mcere, ndi kuti pakati pao panali akazi amasiye, cifukwa mau a zinthu izi ali cikhalire m'kamwa mwa adzukulu ao. Adanenadi akuru kuti cibale ndi pfupa, siciola.

Koma kufanana kwa nkhope si umboni wokwanira pa bwalo. Umboni weni weni unapezeka m'kusiyana kwa mauwo. Rasmus Rask wa ku Denmark m'caka ca 1818, ndi Jacob Grimm wa ku Germany mu 1822, anaonetsa kuti makolo a Angerezi ndi Ajeremani adapotoza kachulidwe kao mwa lamulo, si mwa cisawawa ai. Pamene Mroma ali ndi p, Mngerezi ali ndi f: pater ndi father, ndiwo atate, piscis ndi fish, ndiyo nsomba, plenus ndi full, ndico codzala, ndipo Mcheki asunga p wakaleyo, nati plný. Pamene Mroma ali ndi t, Mngerezi aika lilime pa mano nachula th: tres asanduka three, tenuis asanduka thin, ndico copyapyala, cimene Mcheki ati tenký. Pamene Mroma ali ndi d, Mngerezi ali ndi t: duo ndi two, decem ndi ten, sedere ndi sit, ndiko kukhala pansi, kwa Acheki sedět. Ndipo c wa Aroma, amene iwo anamchula ngati k, aoneka ngati h kwa Angerezi: cor ndi heart, ndiwo mtima, centum ndi hundred, ndilo zana. Apa Mcheki ndiye apatuka njira yace yace, nati srdce ndi sto. Likadakhala liu limodzi kapena awiri tikadati ndi mwai. Koma mau mazana atsata njira yomweyo, monga mbewa za una umodzi zitsata mkwaso umodzi.

Lamulo ili licita nchito ya nyakwawa wodziwa mibadwo ya pamudzi, amene akana mlendo wodzinenera cibale pa maliro kuti alandireko cuma. Tsiku m'Cilatini ndilo dies, m'Cingerezi day, ndipo ali yense angalumbire kuti awa ndi abale. Koma lamulo liti d wa Aroma ayenera kuoneka ngati t kwa Angerezi. Cotero day si mbale wa dies, angofanana naye nkhope. Mbale wa dies ndiye den wa Acheki. Kwa Angerezi mbale wa pfuko limenelo abisala m'dzina la tsiku Laciwiri, Tuesday, limene lidachedwa ndi dzina la Tiw, mulungu wa makolo ao asanamve Uthenga; ndipo Tiw ameneyo ndiye mbale wa deus, liu la Aroma lonena Mulungu. Comweconso habere wa Aroma ndi have wa Angerezi anena cinthu cimodzi, kukhala naco, koma si abale. Have ndi mbale wa capere, ndiko kugwira.

Nthawi zina abale eni eni asiyana m'tanthauzo mpaka kudana. Mcheki acha mlendo wa m'nyumba mwace host, Mngerezi amcha guest, koma kwa Mroma hostis anali mdani wa pa nkhondo. Liu ndi limodzi, ndipo poyamba linanena munthu wocokera kwina. Ena anamyalira mphasa, ena anamtengera mkondo. Makolo athu amene anathawira pa cisumbu ca Chisi masiku a nkhondo zogwira akapolo sakadazizwa nazo, pakuti poona bwato lacilendo liri kudza sanadziwe ngati aphike nsima kapena abise ana.

Citsanzo ca kufanana kwa mwai tiri naco pa mapazi pathu. Mphepo ikaleka, nyanja nigona, asodzi ati kwacita bata. Ndipo pa nsapato zimene ana athu ambiri adapita nazo ku sukulu palembedwa Bata. Wina angayese kuti mwini nsapatozo anafuna kutilonjeza mtendere wa ku mapazi. Iai, ndilo dzina la banja la Acheki. Tomáš Baťa, mwana wa munthu wosoka nsapato, adayamba nchitoyo pamodzi ndi mbale wace ndi mlongo wace m'mudzi wa Zlín ku Moravia m'caka ca 1894, ndipo kwao dzinalo alichula ngati Batya. Bata wa panyanja ndi Bata wa m'sitolo adangokomana m'kamwa mwathu. Tinena izi cifukwa alipo anthu amene, akamva liu lathu limodzi lolira ngati la Cihebri kapena la Cingerezi, amangapo mbiri yonse ya mtundu. Cinenedwe ciri conse ciri ndi mau zikwi zambiri, ndipo mamvekedwe amene pakamwa pa munthu patha kuturutsa ndi owerengeka. Sikulephera kuti ena agundane.

Tsopano tibwere kwathu. Wilhelm Bleek, Mjeremani wokhala ku Cape Town, anaona kuti mitundu yambiri ya Afrika, kuyambira ku Cameroon kufikira kumwera kweni kweni, icha munthu ndi liu la muzu umodzi. Napatsa mbumba yonseyo dzina la Bantu, ndiko kunena anthu, m'buku lace la 1862. Carl Meinhof mu 1899 anacitira zinenedwe izi cimene Grimm adacitira za ku Ulaya, nasonyeza malamulo a kusintha kwa mamvekedwe ao. Nchito yina inacitika pafupi pomwe pano. Alexander Hetherwick, amene adayamba Mishoni ya Domasi mu 1884, pa mtsinje wothira m'nyanja yathu ino, anasindikiza buku lophunzitsa Ciyao mu 1889. David Clement Scott wa ku Blantyre anaturutsa buku lace lalikuru lomasulira mau a Cimang'anja mu 1892. Ndipo Harry Johnston, mkuru woyamba wa Boma la Angerezi ku Zomba kuyambira 1891, anasonkhanitsa mau a zinenedwe mazana, nawasindikiza m'mabuku awiri mu 1919 ndi 1922. Tisaiwale kuti mau onsewo adawalandira m'kamwa mwa anthu akuda, aphunzitsi, omasulira ndi amtengatenga, amene maina ao ambiri sanalembedwe pa cikuto.

Tiyese tsono zinenedwe zitatu za pa dooko lathu ndi muyeso womwe uja. Ciyao sicibvuta, pakuti nkhope yace ioneka msanga: munthu ndi mundu, mbuzi ndi mbusi, madzi ndi mesi, ndipo mtima ndi mtima ndithu. Cilomwe ndico cimveka cakutali m'khutu la Mnyanja. Koma cherani khutu. Pamene ife tiri ndi t, Mlomwe kawiri kawiri ali ndi r: mtima ati murima, atatu ati araru. Ndiponso Mlomwe sakonda kuturutsa mau m'mphuno monga ticita ife. Ataya m kapena n wa patsogolo, naumitsa lemba lotsala, kotero kuti mb asanduka p, ng nasanduka k. Mbuzi ati epuri, nguluwe ati ekuluwe, ng'oma ati ekoma. Mvula, imene ophunzira ayesa kuti makolo a Bantu anaicha mbula, Mlomwe ati epula. Ndipo dzina lopambana maina onse litsata lamulo lomwelo: ife titi Mulungu, Myao ati Mlungu, Mlomwe ati Muluku.

Apa pali cozizwitsa. Aroma anati Deus, Angerezi ati God, Acheki ati Bůh, ndipo maina atatuwa alibe cibale. Mbumba ya ku Ulaya idagawanika pa dzina la Mlengi. Koma mitundu itatu ya m'mbali mwa Chilwa, imene ina idadza kucokera kumpoto ndi ina kum'mawa, m'nyengo zosiyana, ina ndi mfuti ina ndi makasu, idapezana iri ndi dzina limodzi, amishoni asanafike.

Mlandu umene tinanena poyamba ndi uwu. Alomwe adaoloka kucokera ku Mozambique, ku maiko a kum'mawa kwa nyanja ino, ambiri ndithu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi m'zaka zotsatira, pothawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndi njala yomwe. Popeza anafika malo abwino atatengedwa, ambiri anakhala pa minda ya Azungu m'maiko a Zomba, Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo. Anzao okhala kale anawacha Anguru, dzina limene linasanduka citonzo, ndipo cinenedwe cao cinasekedwa pamsika ndi pa bwalo la sukulu ngati malankhulidwe opotoka a anthu osadziwa kanthu. Lewis Bandawe, amene adathangata kutembenuza Cipangano Catsopano m'Cilomwe, anayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943, ndipo Boma linabvomera kuleka dzina lacitonzolo m'makalata ace. Koma bala linali litalowa kale. Makolo ambiri analeka kulankhula Cilomwe kwa ana ao kuti anawo asasekedwe, ndipo lero Alomwe ocuruka a m'Malawi sadziwa cinenedwe ca ambuye ao.

Ife tiweruza kuti kuseka kuja kunali kusadziwa. Mnyanja woseka murima afanana ndi Mroma woseka Mngerezi cifukwa ati father m'malo mwa pater. Cilomwe si Cinyanja coonongeka, monga Cingerezi si Cilatini coonongeka. Zonse ziwiri zidacoka kwa mai mmodzi, ciri conse nicisintha mwa lamulo lace. Ndipo pena Mlomwe ndiye adasunga zakale koposa ife, pakuti mu epula milomo itsekabe monga inatseka mu mbula, pamene ife tidafewetsa liulo ndi kuti mvula. Owerenga Buku la Oweruza akumbukira za pa madooko a Yordano, m'mutu 12, pamene anthu 42,000 a Efraimu anaphedwa cifukwa lilime lao linalephera kuchula lemba limodzi monga anachulira abale ao a ku Gileadi. Onsewo anali ana a Israyeli.

Acheki nao adalawa citonzo cotere. Jan Hus, mlaliki wa ku Prague, amene anawerenga mabuku a Cilatini a Mngerezi John Wycliffe, analalikira anthu wamba m'Cicheki, ndipo anatenthedwa ku Konstanz mu 1415. Ambiri amyesa iye mwini nzeru yoika tizizindikiro pamwamba pa malemba, timene tidabala timene muona mu myš ndi tři. Buku Lopatulika lao lomveka, la ku Kralice, linasindikizidwa pakati pa 1579 ndi 1593. Koma Acheki atagonja pa nkhondo ya pa phiri la Bílá hora mu 1620, akuru ao ambiri anapitikitsidwa m'dziko, ndipo pang'ono pang'ono Cijeremani cinakhala cinenedwe ca Boma, ca m'mizinda ndi ca anthu olemera. Cicheki cinatsala kwa alimi ndi anchito a m'nyumba, ndipo munthu wofuna ulemu anacita naco manyazi. Zinatero pafupi zaka 200. Pamenepo anauka anthu onga Josef Dobrovský, amene analemba malamulo a Cicheki mu 1809, ndi Josef Jungmann, amene anasonkhanitsa mau ace m'mabuku asanu pakati pa 1834 ndi 1839. Koma iwo sakadapeza kanthu kosonkhanitsa, amai a m'midzi akadaleka kulankhula Cicheki kwa ana ao.

Kwatsala mtundu wina wa mau ofanana, amene si ana a mbumba koma akamwini. Adadza kucokera kwina, namanga nyumba pamudzi, nabala ana, kufikira adzukulu aiwala kuti ambuye ao anali mlendo. Wotere ndiye vinyo. Aroma anati vinum. Makolo a Angerezi adalandira cakumwaco kwa Aroma pamodzi ndi dzina lace, ndipo lero ati wine. Acheki ati víno. Kwa ife liu ili silinadzere ku Mangalande. Lemba la ny liulula njira yace, pakuti Apwitikizi alemba vinho nachula vinyo. Ndipo iwo anakhala ku Sena ndi ku Tete pa Zambezi kuyambira zaka za m'ma 1530, zaka zoposa 300 David Livingstone asanaone nyanja yathu pa 18 April 1859, nailemba Shirwa. Njira yomweyo idadzera nsapato, ndiyo sapato, mbatata ndiyo batata, cipewa ndico chapéu, ndi kalata. Kalata ayenda ulendo wautali koposa onse. Ahelene anacha pepala la gumbwa wa ku Aigupto chartes, Aroma nati charta, Apwitikizi carta. Angerezi ali naye mu card, Acheki mu karta.

Mkamwini adziwika ndi ici, kuti samvera lamulo lakale la pamudzi, popeza anafika lamulolo litagwira kale nchito yace. Kandulo wathu ndiye candle wa Angerezi, wocokera kwa candela wa Aroma. Akadakhala mwana wa mbumba akadayamba ndi h, monga heart. Tebulo ndiye table, wocokera kwa tabula, ndipo t wace sanasanduke th. Sukulu ndiye school, kwa Acheki škola, kwa Aroma schola; adalowa kwa Angerezi ndi kwa Acheki pamodzi ndi Eklesia, monga adalowera kuno. Ahelene amene adabala liulo anatanthauza nalo nthawi yopuma, yopanda nchito, pamene munthu akhoza kukhala pansi ndi kukambirana za nzeru. Ana athu oyenda mitunda m'mamawa ndi khasu la ku munda wa sukulu sadzakhulupirira zimenezi. Nyumba yopemphereramo Acheki aicha kostel, kucokera kwa castellum wa Aroma, ndilo linga, limene Angerezi ati castle. Pakuti nyumba zao zoyamba za Mulungu zinamangidwa m'malinga a mafumu.

Ndalama nazo ndi mkamwini. Ophunzira ambiri ayesa kuti liuli lidadza ndi amalonda a kugombe kucokera kwa dirham wa Aarabu, amene akacuruka ati darahim. Ndipo dirham ndi mwana wa drachma wa Ahelene, ndiyo ndalama yomwe mkazi uja wa m'fanizo la pa Luka 15 anasesera nyumba poifuna. Dola wa Amerika kwao ndi ku Bohemia. M'cigwa ca Joachimsthal, cimene Acheki ati Jáchymov, munapezeka siliva wambiri, ndipo pafupi ndi caka ca 1520 anayamba kusula ndalama zazikuru zochedwa Joachimsthaler. Dzinalo linatalika, anthu nalidula kuti thaler. Acheki ati tolar, Angerezi dollar. Tanthauzo lace ndi ici cokha, ca m'cigwa.

Kapitao ndiye capitão wa Apwitikizi, captain wa Angerezi, kapitán wa Acheki, ndipo onsewo acokera kwa caput wa Aroma, ndiwo mutu. Ndiye atifikitsa pa liu lina limene mbiri yace iwawa. Amene adapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe adaona nyali za pa mphambano, yofiira, yacikasu ndi yobiriwira, zoimitsa ndi kuyendetsa magalimoto. Tizicha maloboti. Dzinali lidadza kuno kucokera kumwera, pakuti ku South Africa ndi ku Zimbabwe nyalizo azicha robot, popeza zinalowa m'malo mwa wapolisi woimirira pamseu, ngati munthu wopangidwa ndi manja. Ndipo robot ndi liu la Cicheki. Karel Čapek analemba sewero lochedwa R.U.R. mu 1920, lonena za anchito opangidwa m'fakitale, osalandira malipiro, osayesedwa anthu, amene potsiriza aukira ambuye ao nawapha. Posowa dzina la anchitowo, mkuru wace Josef anamuuza awache roboti, kucokera ku liu lakale lodziwika kwa Mcheki ali yense, ndilo robota.

Robota inali nchito imene mlimi wa ku Bohemia anayenera kugwira m'munda wa mwini dziko, wosalipidwa, cifukwa cokhala pa malo ace. Lamulo la mfumu la 1680 linati isapitirire masiku atatu pa sabata, koma linalola mwini dziko kuonjeza nyengo yokolola, ndiyo nyengo yomwe munda wa mlimi mwini unamsowa. Muzu wa liuli ndi liu lakale lonena kapolo, ndipo ophunzira alilumikiza ndi orbus wa Aroma, ndiye munthu wofedwa, ndi orphan, limene Angerezi adalandira kwa Ahelene, ndiye mwana wamasiye. Arbeit wa Ajeremani, ndiyo nchito, ali wa pfuko lomwelo. Cibale ca mwana wamasiye ndi kapolo sicifuna kumasulira kwa ife. Agogo athu anadziwa kuti pakugwa mlandu kapena njala, woyamba kuperekedwa anali mwana wopanda mwini mbumba womuimira.

Owerenga a ku Zomba azindikira kale dzina la robota m'Cinyanja. Kuthangata poyamba kunali kuthandiza. Anthu anathangata mfumu yao kapena mnansi wao pa munda, nadya, namwa, nabalalika. Ndipo liu lomwelo lipezeka m'Buku Lopatulika la 1922, pa Genesis 2, ponena za nchito imene mkazi analengedwera. Koma Johnston yemwe uja wosonkhanitsa mau ndiye adapatsanso Azungu makalata otsimikiza kuti maiko akuru a kumapiri kuno ndi ao. Ndipo eni mindawo anatenga liu lokoma lija nalipacika pa nchito ya lendi. Wokhala pa munda wa Mzungu anagwira mwezi umodzi cifukwa ca malo, ndi wina cifukwa ca msonkho, koma miyeziyo inali kutalika m'manja mwa wolemba matikiti, ndipo inagwa nyengo ya dzinja, pamene munda wa mwini wace ufuna khasu. Ocuruka a ogwira thangata anali Alomwe omwe aja, osowa kwina kopita. Kumene linawawa koposa ndi ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, kumwera ca kumadzulo kwa nyanja ino. Ndipo usiku wa pa 23 January 1915 anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo. Sewero la Čapek linalembedwa zaka zisanu pambuyo pace.

Robota ndi thangata alibe cibale ca mau, ndipo palibe adabwereka kwa mnzace. Lemba ndi limodzi lomwe silitsata lamulo la cibale. Robota inathetsedwa ndi lamulo mu 1848, thangata la pa minda mu 1962, zaka 114 pambuyo pace. Liu la Acheki lidacoka m'munda, nilinka ku makina, ndipo ana a lero alidziwa ngati dzina la nyali za pamseu. Lathu lidatsala ndi matanthauzo onse awiri. M'pemphero tinenabe kuti Mulungu atithangate. Koma m'midzi ya pakati pa Namadzi ndi Chilwa, mukauza nkhalamba kuti mawa kuli thangata, muyenera kufotokoza msanga kuti munena liti.